Ndinaperekeza Ababa Kwawo ku Mulanje

Pa pulazi ya fodya pomwe ndinabadwira, kufupi ndi Mvurwi, kumpoto kwa Harare, dzina lenileni la abambo anga ankalidziwa ndi kalaliki yekha. M'komboni monse anali Sekuru Mulanje, ndiye kuti Agogo Mulanje m'chinenero cha kwathuko. Dzinalo anadziputira okha ndi pakamwa pawo. Munthu akadandaula kuti lero kwazizira, iwo ankati kumeneku si kuzizira, kuzizira kuli ku Mulanje. Wina akaloza mapiri athu a Mvurwi aja, ondondozana ngati mzere wa mbatata, iwo ankapukusa mutu n'kunena kuti kwawo zoterezo amazitcha zulu. Ife ana tinkangoseka. Tinkaziyesa nkhani za munthu wopukwa kwawo.

Anachoka kwawo akadali mnyamata, wapansi, pamodzi ndi anzawo ofuna ntchito. Asanachoke ankasenza matabwa a mkungudza, kuwatsitsa kuchokera pamwamba pa phiri pomwe ankachekedwa. Kuno anagwira ntchito yosonkha moto m'mabalani owumitsira fodya, nakwatira amayi anga, mkazi wa ku Chiweshe, ndipo zaka zinangodutsa osabwererako. Anasanduka mtchona. Amayi atamwalira, ine nditangokwatiwa kumene, Ababa anayamba kukhala duu. Kenako maso anachita ng'ala. Lamanzere linayereratu, lamanja n'kumaona zinthu ngati zili kuseri kwa utsi. Kapitawo anawachotsa kumabalani n'kuwapatsa tsache kuti azisesa m'shedi yosankhira fodya.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, zaka zija za Chitaganya, anandipeza pakhomo ndikusambitsa mwana. Mwanayo, Malita, anali asanayambe n'kukwawa komwe. Anakhala pa mtondo umene unali gone pansi, namvetsera mwana akumenya madzi m'beseni, kenako anati:

"Make Malita, nkhope yako sindikuionanso bwino. Koma phiri lija ndi lalikulu. Ndikafulumira ndikhoza kukaliona."

Okha sakanatha kuyenda. Amuna anga, aWilisoni, ankayendetsa thirakitala, ndipo mzungu mwini pulazi sakanawamasula. Iwo ndiwo anati ndiwaperekeze ine. Anagulitsa mbuzi zathu kuti tipeze yokwerera, poti mtengo wa basi yofika ku Nyasalande sunali wamasewera. Ine ndinautenga ngati ulendo wokacheza, milungu ingapo, n'kubwerera tonse. M'mamawa mwa tsiku lonyamuka Ababa anapita okha kumanda a amayi, kuseri kwa bulugama, nakhalitsako. Anabwera maondo a buluku atanyowa ndi mame.

Mpaka ku Harare tinakwera lole ya pa pulazi imene inkapereka fodya ku okushoni. Tinakhala pamwamba pa mabelo, mphepo ikutibaya m'makutu. Ine ndinamangirira mwana pachifuwa n'kudzifunditsa bulangete. Ababa anavala chikhoti chawo chachisilikali chofika m'maondo, chimene anagula pa kaunjika kalekale. Pa Mazowe anakweza mphuno nati tafika pa malalanje, ndipo analidi, mizere yake yobiriwira mpaka kutsinde kwa phiri.

Pa musika wa Harare ndinachita mantha. Ndinali ndisanaonepo anthu ochuluka chotero. Basi ya ku Nyasalande sinkanyamuka tsiku lililonse, inkadikira kudzaza, choncho tinagona pamenepo pakati pa akatundu a anthu. Mpamene tinadziwana ndi Abiti Bwanali, mayi wachiyao wojintcha, wachipini pamphuno, amene ankagulitsa nsalu ndi nsomba zouma m'makomboni a ku Goromonzi. Njirayo anali ataiyenda kambirimbiri. Atandiona ndikulimbana ndi mwana kwina, nkhalamba yosaona kwina, anangondilanda Malita osapempha n'komwe, nandiuza kuti ndikagule maputi, chimanga chokazinga chija, ndi buledi wokwanira chifukwa kutsogoloku kulibe sitolo.

Basi itayamba kupakira, padenga panakwera njinga, makina osokera, mabokosi amalata, magalamafoni. Anali amuna obwerera kwawo atagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Ababa ankamva mabelu a njinga akulira pamene ankazikweza. Iwo anali ndi kabokosi kamodzi kokha, kamene ine ndinkakanyamula ndi dzanja limodzi. Ananong'ona, osauza munthu kwenikweni, kuti anzawo akupita ngati anthu, nanga iwo akaonetsa chiyani. Abiti anamva.

"Mukaonetsa mwana ndi mdzukulu," anatero. "Njinga imeneyo idzawaitana agogo?"

Ababa anaseka, koyamba chichokereni kunyumba.

Tinadutsa Murehwa, tinadutsa Mutoko ndi miyala yake yosanjikizana ngati anachita kuika munthu. Phula linali timizere tiwiri tokwana matayala, ndipo likabwera galimoto lina basi inkapatukira kufumbi, tonse n'kupendekeka. Kutsogolo timizereto tinatha, n'kutsala fumbi lokhalokha. Pa geti lina anatilowetsa ndi basi yomwe m'chishedi chamdima n'kupopera mankhwala opha ntchentche za kashembe, mpaka Malita anayetsemula motsatizana anthu n'kumaseka. Pa Nyamapanda tinatsika tonse kuonetsa zitupa. Ankatiuza kuti kumene tikuchokera ndi kumene tikupita ndi dziko limodzi tsopano, koma pakati pake panali dziko la Apwitikizi, ndipo iwo za Chitaganya analibe nazo ntchito. Msilikali wawo anatiwerenga ngati ng'ombe padibi, nasokoneza, nayambiranso, dzuwa likukwera.

Kuchokera pamenepo msewu unayamba kutsika, ndipo kutentha kunayamba kukwera. Sindinkadziwa kuti mwezi womwewo umene kwathu udzu umacha utayera ndi chisanu, kwina anthu amachucha thukuta. Mitengo ya misuku inatha, kunabwera minga ndi milambe. Titapitirira Changara pang'ono, basi inagwera m'dzenje, pansi panamveka kuthyoka, ndipo inakhala pansi chakumbuyo ngati ng'ombe yotopa. Dalaivala anakwawira kunsi, natuluka ali mbuu, nanena kuti sipuling'i yaduka. Kondakitala anakwera lole imene inatipeza madzulo, kukafuna chitsulo china ku Tete. Ife anatiuza kuti tidikire.

Tinadikira tsiku limenelo, ndi lotsatira lonse. Mthunzi unali wa mlambe umodzi wopanda masamba, ndipo tinkasuntha nawo pamene unkazungulira. Madzi amene tinanyamula anatha msanga. Amuna anapita kumtsinje wina wouma, nakumba mumchenga mpaka m'mapewa, nabwera ndi madzi ofunda, amtundu wa tiyi wamkaka, onunkha matope. Tinamwa omwewo. Mkaka wanga unayamba kuchepa. Malita ankayamwa n'kusiya, n'kulira, kenako kulirako kunasanduka kakudandaula kofooka kamene kanandiopsa kuposa kulira. Liwombo lake ndinkaligwira kawirikawiri. Abiti anatulutsa chigubu cha mahewu chimene anabisa pansi pa nsalu zake, nandiumiriza kumwa chonse, ngakhale milomo yake yomwe inali itang'ambika. Ananyowetsa mpango wake n'kumupukuta mwana m'khosi ndi m'khwapa. Ababa anavula chikhoti chija, nachiyala pansi, namugoneka mwana pamenepo, iwo n'kumamukupiza ndi chipewa.

Anthu akatopa ndi kudikira amayamba mikangano yopanda pake. Bambo wina wa ku Dedza, amene anali kukhitchini ya mzungu ku Harare, anati kutentha kotere kwawo kulibe, chifukwa iwo amakhala patsinde pa phiri lalitali kuposa onse m'Nyasalande. Wina wa ku Zomba anakana. Ine ndinayang'ana Ababa, ndikudziwa chimene chikubwera, ndipo ndinachita manyazi pang'ono. Koma sanakangane nawo. Anayamba kulankhula motsitsa, dzanja likukupizabe mwana, ngati akuuza Malita yekha.

Anati Mulanje si phiri losongoka limodzi. Limadzuka mwadzidzidzi pakati pa chigwa chosalala, makoma a mwala okhaokha, ngati nyumba imene wina anaimanga pabwalo. Ukalikwera umayamba ndi nkhalango yonyowa, mitengo yake yovala ndele zolendewera ngati ndevu, ndipo miyendo ikayamba kunjenjemera umatulukira pamwamba n'kupeza dziko lina. Kumeneko kuli madambo a udzu waufupi, timitsinje, ndi mikungudza yobisala m'zigwa, imene fungo lake limakhala m'manja mwako ngakhale utasamba. Ndiye pamwamba pa dziko limenelo mpamene pamayambiranso mapiri ena, a miyala yopanda dothi. Anatchula Chambe, anatchula ena, nati lalitali koposa onse, lapakatikati, ndi Sapitwa.

Anati phirilo limapanga nyengo yakeyake. Mphepo imachokera kunyanja yamchere itasenza madzi, ikagunda makoma aja imakwera, n'kukhuthula zonse mbali ya Ruo kumene kuli minda ya tiyi. Ikamafika ku Phalombe, kuseri, imakhala itauma, anthu akumeneko n'kumayang'ana mvula ikugwa kwa anzawo. Pamwambapo ukhoza kudzuka m'mawa mitambo ili pansi pa mapazi ako, yoyera ngati thonje loyanika, dzuwa likukuwalira wekha pamene kumudzi kuli mdima. Koma nkhungu ikafuna kubwera sichenjeza. Iwo akusenza thabwa, kangapo konse inawatsekera njira moti chala cha phazi lawo sankachiona. Ikatero umatula thabwa pomwepo n'kukhalapo, osasuntha, chifukwa kuphompho sikuli patali. Umangoitana mnzako mayina kuti adziwe kuti ulipo. Ikachoka umadzuka, nsidze zili ndi madontho.

Kenako anafika pa madzi. Anati mtsinje uliwonse kumeneko umayamba ngati ulusi pamwala, ndipo ngakhale mwezi wotentha bwanji suphwa. Madzi ake ukamwa mano amawawa. Pansi pa mathithi pali maiwe oti mwala wapansi umauona ngati uli m'manja, koma ukalumphiramo mpweya umathawa m'chifuwa.

"Sekuru, za madzi ozizirazo tazisiyani," anatero wa ku Dedza uja. "Mutipha ndi ludzu."

Ababa anasiyadi. Posakhalitsa munthu yemweyo anakhosomola nafunsa ngati pa Sapitwapo anafikapo. Ababa anati ayi, dzina lomwelo likukuuza kale, ndipo m'masiku awo panalibe wa kumudzi amene ankalakalaka kukaponda kumene kumakhala mizimu. Anthu anaseka, nawauza kuti apitirize. Anapitiriza mpaka dzuwa linapendeka. Ine nkhani zimenezi ndinakula nazo, koma ndinali ndisanazimvepo ndili ndi ludzu. Pamene ankamaliza, Malita anali atagona, ndipo atadzuka anayamwa bwino.

Kondakitala anabwera ndi chitsulo m'mawa mwake. Amuna onse anathandiza kutukula basi ndi mitengo ndi miyala, ndipo masana tinali pa Tete.

Zambezi ndinkaumva dzina lokha. Nditauona ndinaganiza kuti ndi nyanja imene amanena ija. Mlatho kunalibe nthawi imeneyo. Magalimoto ankaoloka pa pantoni, ochepa nthawi imodzi, ndipo patsogolo pathu panali mzere wa malole. Tinatsika n'kukakhala pamchenga. Ndinasambitsa mwana, ndinachapa matewera, ndinawatungira Ababa madzi osukusula. Mtima unali utakhala pansi tsopano, ndipo ndinayamba kulongolola. Ndinati pobwerera tidzagule chigubu chachikulu pa Limbe, tisadzavutikenso chonchi, ndipo iwo adzakhale kuwindo chifukwa mkati mumatentha.

Anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Udzaguledi chigubucho," anatero. "Ndipo udzafunefune mzimayi wina wokhala naye pafupi, monga Abiti. Wekha ndi mwana njira iyi ndi yaitali."

Ndinasiya kufinya thewera. Zinthu zinayamba kubwera m'mutu chimodzichimodzi: khasu lawo limene anapatsa mnansi, mpando wawo umene ndinaupeza kunyumba kwanga, maondo onyowa aja. Ndinawafunsa ngati aWilisoni ankadziwa. Anati ankadziwa, ndipo anagwirizana kuti asandiuze chifukwa ndikanakana kunyamuka. Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima koposa.

"Ndiye amayi mwawasiya okha kuseri kwa bulugama kuja?"

"Ndinawatsanzika. Iwo ali m'dothi la kwawo, ndipo ali ndi iwe. Ine pa pulazi paja ndatsala wosesa. Maso akatsekeka adzafuna nyumba yawo apatse wina, ndipo ndidzakhala katundu pakhomo pa mkamwini. Ndilole ndikakalambire kumene mapazi anga akudziwa njira."

Ndinanyamula matewera n'kukayanika kutali, pa chitsamba chaminga, ndipo ndinalira kumeneko nditawafulatira. Abiti ananditsata. Sanandinyengerere. Anathandiza kuyanika, kenako anandiuza kuti bambo ake anamwalirira kumigodi, akutchula mayina a midzi ya kwawo mpaka mawu anatha, ndipo panalibe wowaperekeza. Anati iye akanapatsidwa ulendo ngati wangawu akanausenza pamutu. Atatero anabwerera kukaona mwana.

Nthawi yathu yokwera pantoni itakwana, anthu anatsogola wapansi, basi pambuyo. Thabwa lokwererapo linali loterera. Ndinawapeza Ababa ataima m'mphepete, akufufuza ndi phazi, anthu akuwadutsa mbali zonse. Ndinawagwira mkono. Tili pakati pa mtsinje anandifunsa ngati madzi akuyenda kuchokera kumanzere. Ndinati inde. Anati ndiye kuti ena mwa madzi amenewa ndi a Musengezi, mtsinje wathu wa ku Mvurwi umene ndinkachapako, ndipo kumunsi kwenikweni akakumana ndi a Ruo otsika ku Mulanje. Ndinadziwa kuti akufuna kundisangalatsa. Sindinasangalale, koma mkono wawo sindinausiye mpaka tsidya.

Kutsidyako msewu unayambanso kukwera. Pa Zobue mphepo yozizira inalowa pawindo, anthu n'kuyamba kufunafuna majekete. Pa Mwanza amayi anazinga basi ndi malichero a manachesi, ndipo aliyense, ndi wapolisi yemwe, ankalankhula chinenero cha Ababa. Ine ndinkadziyesa wochidziwa. Ndinapita kwa mayi wina amene anali ndi mtsuko n'kumupempha mvura, monga timanenera kwathu tikafuna madzi akumwa. Mayiyo anayang'ana kumwamba, nandiyang'ana ine, nati mwezi uno ayi, mwanawe, mpaka Novembala. Basi yonse inafa ndi phwete, ndipo Ababa anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinalephera kudzigwira. Kukwiya kwanga kunayamba kusungunukira pamenepo.

Tinaoloka Shire, tinafika ku Kabula, ndipo Abiti anatsika kukafuna basi ya kwawo. Anamupsompsona Malita m'manja, nandipatsa kansalu kamodzi mwa zogulitsa zake. Sindinamuonenso.

Basi ya ku Mulanje tinaikwerera pa Limbe. Tisanafike n'komwe ku Thyolo kumwamba kunatsika. Sinali mvula yeniyeni, koma kamvula kowaza kosalekeza, kosakanikirana ndi nkhungu, kolowa mpaka m'mafupa. Anthu anati ndi chiperoni, chayamba dzana. Ababa ankandifunsa pafupipafupi chimene ndikuona kutsogolo. Ndinkaona tiyi mbali zonse, wobiriwira, wometedwa bwino, ndi anthu othyola atafunda masaka. Kupitirira apo kunali koyera ngati khoma lopaka laimu. Tinatsika pa Chitakale ndi kuyenda wapansi cha ku Likhubula. Phiri linali pomwepo, anthu ankatero, koma ine ndinkangomva madzi akulindima penapake m'mwamba.

Mayina amene Ababa ankafunsa m'njira, ambiri anali a anthu akufa. Koma mlongo wawo wamkulu, aNamaona, anali moyo. Tinawapeza pakhonde akusenda nandolo, kamayi kakang'ono kokhota msana. Ababa anaima pabwalo nadzitchula dzina lawo laubwana. Azakhaliwo anawayang'ana nthawi yaitali, manja ali m'lichero.

"Wachedwa," anatero.

Kenako lichero linagwa, ndipo analira maliro enieni, mudzi wonse n'kusonkhana.

Chiperoni sichinachoke. Kuzizira kwa ku Mvurwi n'kouma, umawotha moto n'kutha. Uku kunali konyowa. Matewera sankauma, machesi sankayaka, bulangete linkalemera. Ndinapita kukachapa kumtsinje wa Likhubula ndipo zala zinachita dzanzi ndisanamalize n'chovala chimodzi. Ababa tsiku lililonse ankatulutsa mpando pabwalo, atavala chikhoti chawo, n'kukhala moyang'ana kumene kunali phiri. Ankandifunsa kuti kwatani, ine n'kunena kuti nkhungu yomwe ija. Ankati ichoka. Koma masiku amene ndinapangana ndi aWilisoni ankatha, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndidzabwerera ndisanaone chimene ndinadzera. Choposa apo ndinkaopa diso lija, chifukwa tsiku lina anandipempha kuti ndiyatse nyali dzuwa lisanalowe.

Masana ena, ndikusinja ndi azakhali kuseri, ndinamva Ababa akundiitana. Anati mphepo yatembenuka, ndipo akumva dzuwa pakhosi. Ndinabwera ndi ufa m'manja. Nkhungu inali ikung'ambika ngati nsalu yakale. Ndinaona mapiri obiriwira, nkhalango ikukwera, ndipo pamwamba pake mtambo wautali utagona. Anali mapiri ndithu, okongola, koma mumtima ndinati a ku Mutoko aja sasiyana nawo kwenikweni. Ndinawamvera chisoni. Ndinati ndaliona, Ababa, ndi lalikuludi.

Anamva m'mawu mwanga. Anaimirira, nafufuza nkhope yanga ndi dzanja, nandigwira chibwano monga ankachitira ndili mwana akafuna kundipukuta mphuno.

"Ukuyang'ana pansi," anatero. "Kweza."

Anandikweza mutu mpaka khosi linawawa. Pamwamba pa mtambo uja, pamene ndinkayembekeza thambo, panali mwala. Khoma limodzi, lopanda mtengo, lonyowa, likunyezimira ndi dzuwa la madzulo, timizere ta madzi tikutsika pamenepo ngati ulusi woyera. Linkangokwera, n'kukwerabe. Ndinangokhala pansi, padothi lonyowa. Azakhali anati ameneyo ndi Chambe, naseka kuti alendo onse amatero.

Ndinawafunsa Ababa ngati akuliona. Anatseka diso lakufa lija ndi chikhatho, nayang'ana nthawi yaitali ndi linalo.

"Ndikuona chinthu chofiirira, chachikulu, chatseka kumwamba konse," anatero. "Ndi lomwelo. Silinasinthe."

Anakhalanso pampando, napempha kuti ndiwapatse Malita. Anamukhazika pamwendo moyang'ana phiri, namuuza mayina a mitsinje umodziumodzi, mwana akuyamwa batani la chikhoti. Tinakhala pamenepo mpaka kufiira kuja kunazima.

Ndinanyamuka patapita masiku ochepa, kunja kuli ngwee. Ababa ndi azakhali anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma pamene basi inkaoneka ndinangowauza kuti asamasambe madzi ozizira m'mawa. Iwo anandiuza kuti Sapitwa saoneka uli patsinde, amabisala kuseri kwa anzake. Anati ndikhale mpando wakumbuyo, ndipo tikaoloka Thuchila ndicheuke, ndiyang'ane pakati, pamene pali nsonga yokhakhala ngati mano oguluka. Anamugwira Malita kumapazi, nandigwira ine paphewa, nati ndipereke moni kwa aWilisoni ndipo ndisakawakalipire.

Basi itanyamuka ndinawaona pagalasi lakumbuyo atakweza chipewa. Panadutsa lole ina yolowera ku boma, ndipo iwo anatsata phokoso lake, natembenuka, n'kumabayibitsa loleyo. Azakhali anawagwira m'mapewa n'kuwatembenuzira kumene kunali ife. Anabayibitsabe mpaka fumbi linawaphimba.

Titaoloka Thuchila ndinacheuka. Phiri lonse linali poyera, kuyambira uko mpaka uko, litakhala lokha pachigwa, ndipo pakati pake, kumbuyo kwa ena onse, panali nsonga ija, yotuwa, ndi kamtambo kamodzi katakola pambali. Ndinaiyang'ana mpaka msewu unakhota.

Ababa anakhala ndi moyo mvula ziwiri. Uthenga unabwera ndi mnyamata wa kumudzi komweko amene anadzafuna ntchito m'mapulazi a kwathu, maliro atapita kale. Ine kumeneko sindinapitekonso. Ana anachuluka, Chitaganya chinatha, malire anauma. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati diso lija linatsekekeratu. Anati inde, chaka chomwecho. Koma anati m'mawa uliwonse ankatsika okha mpaka ku Likhubula ndi ndodo yawo, ndipo mwana akathamangira kuti awagwire dzanja, ankamubweza.